Masamba Panjira ya Kudamu

"Tsika panjinga, chitsiru iwe! Maso ako saona masamba?"

Amene anakuwa choncho ndi Gelevazio Mbewe, mlimi wa tomato wa m'mbali mwa damu. Wokuwiridwayo ndinali ine, agogo anu, ndevu zisanachite imvi. Ndinagwira mabuleki mpaka tayala lakumbuyo linakhwekhwereza dothi. Fumbi litatsika ndinaona amayi atakhala pansi miyendo atatambasula, nyimbo itawathera pakamwa. Abambo anali pansi pa mtengo wa mango, onse atacheukira kwa ine. Ndinali nditalowa pamaliro ndili pachishalo, chipewa chili kumutu, ndikuliza belu ngati wogulitsa mabanzi.

Ndikulemba izi m'kope chifukwa ndikamalankhula, ana inu mumayang'ana mafoni. Iwe Dalitso unandifunsa chifukwa chake ndimakana kuti njinga yakuda ili kuseri kwa chitseko ipite kwa ogula zitsulo. Werenga, ndipo usadumphe mizere monga uchitira ndi mabuku a kusukulu.

Poti mwakulira m'tauni, ndiyambe ndakuuzani za masamba. Kumudzi kukagwa maliro amathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala modutsa njira, kwina polowera mudziwo, kwina potulukira. Wapanjinga ukaziona umatsika, kuvula chipewa, n'kukankha njinga mwakachetechete mpaka utadutsa masamba achiwiri. Kaya wakufayo umamudziwa kaya ayi. Mwambo umenewu ndinkaudziwa ngati dzina langa. Musati agogo anali mbuli. Ndinamaliza Fomu Faifi, nthawi imene mnyamata wa Fomu Faifi ankalembera mudzi wonse makalata. Ndinadutsa masamba aja mwadala, ndipo chifukwa chake ndicho ndikufuna mumve.

Mtima wanga mumaudziwa. Lero mumauseka chifukwa mano anatha, koma masiku amenewo sunali woseketsa. Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pafakitale ya njinga muno m'Chipata, ndikuluka masipoko. Ndinkagwira limu, kulizunguza kamodzi, n'kudziwa sipoko imene yakhwepa. Boma litasintha, makampani anayamba kugwa ngati mango akupsa, ndipo ifenso tsiku lina tinalandira makalata. Ndinatuluka pageti ndi njinga imodzi imene ndinamanga ndi manja angawa, ndi ukali wosowa kopita.

Munthu wozolowera kudzukira ntchito ukamukhazika pakhonde amasanduka chilombo. Ndinkakalipira mchere, nkhuku za eni ake, ngakhale wailesi. Tsiku lina ndinaponya mbale kukhoma chifukwa cha nyemba zosapsa. Nditacheuka ndinaona Agnesi, amayi ako iwe Dalitso, ali kamwana ka giredi thu, atalowa kunsi kwa tebulo, manja atatseka makutu. Inenso ndinkabisala choncho atate anga akabwera kumowa. M'nyumba mwanga sindinamenyepo munthu, koma tsiku limenelo ndinaona kuti patsala pang'ono.

Agogo anu aakazi, a NaPhiri, sanalire. Anatola zidutswa za mbale, kenako anatulutsa njinga n'kuitsamiritsa pakhomo.

"Bambo a Agnesi, kwerani."

"Ndipite kuti?"

"Kumene mufune. Mukabwere moto utazima. Muno muli ana."

Poyamba ndinkatsata msewu wa tala wa ku Mwami. Kunali kuika mphaka pa galu. Malole opita kumalire ankakudutsa ngati ndiwe chitsa, mphepo yake n'kukuponyera m'ngalande. Tsiku lina ndinabwerako malaya atang'ambika, nditagwirana ndi dalaivala amene anandilavulira makoko a nzimbe. Moto umene ndinabwera nawo unaposa umene ndinapita nawo.

Ndiye ndinapeza kanjira kozungulira damu. Si msewu ayi. Ndi njira ya mapazi, ya ng'ombe ndi ya njinga. Galimoto singalowemo, chifukwa pali malo awiri pamene umawoloka khwawa pa mitengo yogoneka. Kuchoka pakhomo, kuzungulira madzi onse, n'kubwerera, ankakwana maola atatu. Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa yoyamba ndinkasintha nsapato n'kunyamuka. Nthawi zina pakati pa sabata ndinkangopeza njinga yatsamira pakhomo, a NaPhiri akusesa osandiyang'ana, n'kudziwa kuti dokotala walemba mankhwala.

Inu a njinga zamoto simudziwa kuti njira ili ndi fungo. M'dzinja kanjira kaja kankanunkha matope ndi chimanga chongomasula ngayaye, ndipo ndinkaima kawirikawiri kuchotsa dothi pakati pa tayala ndi madigadi ndi kamtengo. M'masika amayi ankafukula mtedza wa chalimbana m'mbali mwa njira, ndipo sukanadutsa osaponyeredwa phata limodzi. Nyengo yozizira nthunzi inkagona pamadzi mpaka dzuwa litakwera, zala n'kuuma pahandulo, akakowa ataima m'madzi ngati akudikira nduna. Thonje likaphulika minda yonse inkayera. M'chilimwe kunkatsala fumbi, anyenje, ndi masuku otola pansi. M'thumba ndinkanyamula pampu, sipanala imodzi, kachidutswa ka chubu chakale, ndi mbatata yootcha yokulunga m'pepala. Tayala likaphwa unkamata wekha pansi pa mtengo. Lero iwe Mphatso tayala likaphwa umaimbira foni amalume ako.

Anthu ankandiyesa wozungulira mutu. Muno m'Chipata njinga ndi bulu. Imanyamula makala, matumba a chimanga, nkhumba yomanga miyendo, mayi wodwala ndi mwana wake kumsana. Ine pakaliyala panga panalibe kanthu.

"A Zulu, mwanyamula chiyani?"

"Mphepo."

"Nanga mukupita kuti?"

"Kumene ndachokera."

Mphekesera inamveka kuti ndili ndi mkazi kutsidya kwa damu. Amayi ena anakawanong'oneza a NaPhiri pamsika pamene ankagulitsa vitumbuwa. Iwo anati, "Ngati alipo mukamuthokoze. Amandibwezera mwamuna wofatsa."

Munthu mmodzi yekha sanandifunsepo kumene ndikupita. Anali a Sakala, nkhalamba ya maso a ng'ala imene nyumba yake inali kumunsi kwa chitsetse, pamene njira imakhota kuseri kwa bango n'kutulukira pabwalo la mudzi. Paunyamata wawo ankanyamula makalata panjinga, tauni ino ikadali ndi dzina la mzungu. Ankakhala pakampando pansi pa mango tsiku lonse, ndodo pamiyendo, n'kumazindikira njinga ndi khutu.

"Wadutsayo ndi wamakala," ankatero. "Pedulo yake yakumanzere ilibe mabelingi. Agwa asanafike kumsika."

Ndikafika pamwamba pa chitsetse ndinkaliza belu kawiri, ndipo pokhota ndinkawapeza atakweza kale ndodo. Ndinkatsika, kugawana nawo mbatata, iwo n'kumapapasa masipoko anga ndi chala ngati akuimba bangwe. Tsiku lina ndinawauza za mbale ija, ndi za mwana kunsi kwa tebulo. Sanandilalikire.

"Mtunda umadya mkwiyo, mwanawe," anatero. "Ine unandidyera wambiri, wa azungu. Palasa."

Kenako chinabwera chilala chija, chaka chimene tinadya chimanga chachikasu. Madzi a m'damu anathawira pakati, n'kusiya dothi lakuda lonyowa. Aliyense anathamangira kutsegula dimba. Wochangamuka kuposa onse anali Gelevazio uja, mkamwini wa a Sakala, amene anakwatira mwana wawo Felista. Kulima ankadziwa, zimenezo sindimumana. Tomato wake ankafika mpaka kumsika wa Kapata. Koma mvula itabwerera iye sanabwerere. Dimba linakula mpaka linapana njira mbali zonse, ndipo odutsa anayamba kumuwawa. Ati tikumuthira fumbi pa tomato. Ati tikumubera.

Anayamba ndi minga. Ndinamata chubu masabata atatu otsatizana, ndipo Lamulungu lachinayi ndinatola minga yonse n'kukamuunjikira pakhomo. Tinatukwanana. Ndinamukumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo a Sakala anaseka mpaka kutsokomola.

Atalephera ndi minga anaganiza chimene munthu woleredwa sangaganize. Lamulungu lina ndinapeza masamba pamwamba pa chitsetse. Ndinatsika, chipewa m'manja, ndikukankha njinga ndikuganiza za nkhalamba ija. Ndinaipeza ili pakampando, ikutafuna nzimbe ndi mano ake atatu. Pamudzi panalibe ngakhale wodwala mutu. Ndinati kapena ndi ana osewera. Patapita masabata awiri, masamba aja anabweranso. Ndinatsikanso, ndinavulanso chipewa, ndinakankhanso njinga mtunda wonsewo, dzuwa likundiotcha padazi, n'kupeza Gelevazio akuthirira tomato akuimba mluzu.

Nzeru yake inali yakuti wamakala wolemedwa akatsika kawiri katatu adzatopa n'kuyamba kudzera kwina. Ndipo ambiri anatopadi. Anthu a pamudzipo ankadziwa, koma tomato wake ankadya nawo, ndiye pakamwa panali podzaza.

"Ndamuuza," anatero a Sakala nditawafunsa. "Masamba sayalira chabe. Akuitana maliro. Ndipo pamudzi pano wokhwima kale ndine."

Anaseka, koma chifuwa chinawagwira nthawi yaitali. Ine ndinalumbira pomwepo kuti masamba a Gelevazio sindidzawavuliranso chipewa.

Lamulungu lotsatira linali la mwezi wa Okutobala, kutentha kwa mtima bii. Sabata imeneyo ndinali nditakafunsira ntchito ya ulonda pasitolo ina m'tauni, ndipo anandiuza kuti ndakula. Potuluka m'tchalitchi mlamu wanga ananena mokweza, anthu akumva, kuti amuna ena amanenepa ndi vitumbuwa vya akazi awo. Sindinamuyankhe, chifukwa tinali pakhomo pa Mulungu. Ndinanyamula mawu akewo panjinga. Ndinafika pachitsetse paja asanagayike, ndipo ndinaona masamba.

Munthu wodekha akanaona kuti masamba a tsiku limenelo anali ochuluka. Akanaona kuti m'madimba monse mulibe munthu. Ine ndinangoona nkhope ya Gelevazio. Ndinaimirira pamapedulo, ndinawaponda masambawo, ndinatsetsereka ndikuliza belu osati kawiri koma kosalekeza, kuti amve kuti Zulu sanatsike. Ndinakhota pabango paja, n'kugwera pakati pa anamfedwa.

Apo ndi pamene anakuwa mawu amene ndayamba nawo. Ndipo tamverani chimene ndinayankha, chifukwa sindikubisirani.

"Masamba ako ndawaona kawiri, onse abodza. Lero wabwereka ndi olira omwe?"

Ndinayang'ana pansi pa mango. Kampando kaja kanalipo, popanda munthu. Ndodo inali itatsamira kukhoma la nyumba. Ndinatsika panjinga.

"Atisiya ndani?"

Felista anali pakhonde pakati pa amayi. Anakweza mutu.

"Atate. M'mawa uno, kusanache."

Gelevazio anagwira handulo ya njinga yanga. Anali ndi anthu kumbuyo kwake tsopano, ndipo ankadziwa zimenezo.

"Wanyoza maliro a apongozi anga pamaso pa mudzi. Ubweretse mbuzi. Ndipo panjira ino tisadzakuonenso, kaya ndi njinga kaya ndi mapazi."

Abambo aja anang'ung'udza movomera. Chibakera changa chinali chitakwera chokha mpaka paphewa. Ndinachiyang'ana ngati cha munthu wina. Kumenya munthu pamaliro a a Sakala, ndodo yawo ikundiona, ayi. Ndinachitsitsa.

"Za mbuzi ndamva," ndinatero. "Za njira sindinamve."

"Ndiye njinga itsala mpaka makutu atseguke."

Anaikankhira kuseri kwa nkhokwe. Ndinabwerera wapansi, chipewa m'manja, kudutsa masamba amene ndinawaponda aja. Ena anali atabalalika. Ndinawerama n'kuwayalanso bwino.

Ndinafika pakhomo dzuwa likupendeka. A NaPhiri anayang'ana kumbuyo kwanga, kenako kumapazi anga.

"Njinga ili kuti?"

Ndinawauza zonse, osachotsapo ngakhale mawu a olira obwereka aja.

"Mwachita zamanyazi, bambo a Agnesi."

"Ndikudziwa."

"Nkhalamba imene inkakudyerani mbatata."

"Ndati ndikudziwa."

Tinali ndi mbuzi imodzi kuseri, yosungira Khirisimasi. Anailoza ndi chibwano.

"Tengani iyo. Mwini Khirisimasi amvetsa. Nanga za njirazo mwati bwanji?"

"Ati ndiisiye. Mwina ndingoisiya. Ndadzichotsa ulemu ndekha."

Anayang'ana Agnesi, amene ankatsuka mbale pafupi ndi mpanda akuimba kanyimbo ka kusukulu. Mwanayo anali atayambiranso kuimba ine ndili pakhomo.

"Mukaisiya, moto uja muzikauzimira kuti? Pamsewu wa malole? Kapena muno?"

A NaPhiri anapitiriza.

"Kwa wakufayo mukapepese mpaka maondo anyuke. Koma njira musapereke. Si yanu nokha, ndi yathu m'nyumba muno. Chinthu chimodzi: manja akakhale kumbuyo."

Ana inu, mumati agogo aakazi ndi ofatsa ndipo wovuta ndine. Simuwadziwa.

M'mawa mwake ndinadzuka tambala wachiwiri atalira. Ndinamanga mbuzi chingwe, ndinatenga khasu, ndinayamba wapansi. Mbuzi imeneyo inali ndi mtima ngati wanga, ndipo tinakangana njira yonse. Ndinaisiya kwa amayi ophika osanena kanthu, n'kulunjika kumanda kumene amuna anali atayamba kukumba, chifukwa ndi kutentha kuja mtembo sukanadikira. Atandiona anasiya kulankhula. Sindinapemphe malo. Ndinavula malaya, ndinalowa m'dzenje, ndinakumba. Dothi la Okutobala ndi mwala. Manja anga oluka masipoko anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, mpini unafiira. Mnzanga wina anati nditulukemo apumuleko ena. Ndinati a Sakala ndi amene anene kuti ndatopa.

Tinawaika dzuwa lisanafike pamutu. Titabwerako n'kusamba m'manja, anthu atakhala pabwalo, ndinapita pamene panali Felista. Ndinagwada. Ine Zulu, amene sindinagwadirepo ngakhale bwana wa pafakitale.

"Amayi, dzulo ndinalakwira atate anu, ndinalakwira inu. Sindidziikira kumbuyo. Mbuzi ndi imeneyo, manja ndi awa. Pepani."

Anayang'ana manjawo nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu movomera.

Ndinaimirira, ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinatulutsa njinga yanga. Gelevazio anafika pomwepo n'kugwira kaliyala.

"Tinagwirizana chiyani dzulo?"

Ndinatsamiritsa njinga pantchafu, manja ndinaika kumbuyo monga anandiuzira a NaPhiri, dzanja lina litagwira linzake zolimba. Sindinakweze mawu, koma onse anamva.

"Sitinagwirizane kanthu. Wakufa ndamupepesa. Iwe sindinakulakwire. Masamba a maliro unawayala kawiri kulondera tomato, ndipo onse akhala panowa akudziwa. Ine ndinawavulira chipewa kawiri konse. Njira iyi unaipeza pamene unkabwera kudzafunsira mbeta. Unadzera momwemu. Lamulungu likubwerali ndidutsa, ndi linalo. Mukadzayala masamba oona ndidzatsika, ngakhale akhale ako."

Abambo amene anang'ung'udza dzulo lake anali akuyang'ana zala za kumapazi. Dzanja la Gelevazio linali likadali pakaliyala. Ndinaona mitsempha yake, ndipo langa kumbuyoko linayamba kuyabwa.

"Bambo a Tisa," anatero Felista kwa mwamuna wake osakweza mutu, "isiyeni njingayo. Za masamba tikakamba m'nyumba."

Anaisiya pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

Nditayamba kukankha, mayiyo anandiitana.

"A Zulu. Atate Lachisanu anati, mukamuona wa belu uja mumuuze kuti tcheni chake chauma."

Ndinakankha njinga kudutsa pabwalo, chipewa m'manja, kudutsa kampando kaja, kudutsa tomato wa Gelevazio mbali zonse ziwiri, mpaka pa masamba achiwiri otulukira mudzi. Nditawadutsa ndinavala chipewa. Belu sindinalikhudze.

Kunyumba kunali kumbuyo, mtunda wa ola limodzi. Kutsogolo, mozungulira madzi, anali maola awiri, ndi manja otuluka magazi pahandulo. Koma ulendo wa dzulo lake unali usanathe. Ndinakwera, ndinapalasa kutsogolo, tcheni chikulira njira yonse monga ananenera mkulu uja.